Tsiku lomwe ndidabera wakuba

Kwathu kuno kwa Kabudula, mlendo akafunsa za munthu wodziwa za mafoni, ankamulozera kwa ine. Mpaka lero akumulozerabe kwa ine, kungoti masiku ano akuloza ndi mlomo, uku mapewa akugwedezeka.

Zidayamba ndi fodya. Chaka chatha mabelo anga adayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, ndipo mukudziwa mlimi wa fodya akapata: mutu umatsogola wokha, thupi n'kumabwera pambuyo. Anzanga adagula malata, wina njinga yamoto. Ine ndidatsika pa Nsaru n'kugula foni yosisita, ija yopanda mabatani. Wondikonzera adali mwana wa mlongo wanga, mnyamata wophunzira kwambiri moti Fomu 4 adailemba kawiri.

"Atsibweni, foni imeneyi siyenda popanda imelo," adatero.

Ndidafunsa kuti imeloyo amagulitsa pa lita kapena pa botolo. Adati ndi keyala chabe. Ine amene moyo wanga wonse makalata anga ankadzera kwa ahedi a pasukulu yapulaimale, n'kufika atatsegulidwa kale, tsopano ndidali ndi keyala yangayanga.

Padapita miyezi iwiri kusanabwere kanthu. Kenaka kudagwa kalata yachingerezi, yaitali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi. Mnyamata uja adandimasulira. Adalemba ndi mayi wamasiye wa kudziko lina la kuzambwe kwa Africa. Amuna awo adali nduna, adamwalira n'kusiya madola 10 miliyoni, ndipo mayiwo adafufuza dziko lonse lapansi kufuna mwamuna wokhulupirika woti asunge chumacho. Adapeza ine. Kunena zoona sindidadabwe kwenikweni. Chidangondiwawa n'chakuti mbiri ya kukhulupirika kwanga yafika kutali chonchi, pamene kunyumba kwanga akandituma sopo amawerenga chenje kawiri.

Mayiwo ankangofuna madola 200 okha okonzera mapepala. Mnyamata asadamalize kumasulira n'kuti ine nditagula kale thirakitala, nditamanga nyumba yosanja moyang'anana ndi msika, ndipo ndikulingalira mawu abwino ofotokozera mayi a kunyumba kuti mitala si tchimo ngati cholinga chili chothandiza wamasiye.

Mnyamatayo adaseka mpaka kukhala pansi. Adati chinyengo chimenechi n'chakale kuposa iye, chidayamba ndi makalata a papositi intaneti isadafike, ndipo dziko lonse limachitcha 419, nambala ya gawo la malamulo a ku Nigeria loletsa kudyera anthu masuku pamutu mwa bodza. Kalata yomweyo, adatero, imapita kwa anthu zikwizikwi tsiku limodzi, ndipo ukatumiza 200 ija mawa kumabwera za loya, mkuja za msonkho, mpaka mbuzi zithe m'khola. Adandionetsa kuti m'kalatamo mulibe ngakhale dzina langa. Wamasiye wondikonda chotere, osadziwa n'komwe kuti ndine yani!

Pano ndiulule. Chidandipulumutsa si nzeru. Bandulo idatha madzulo omwewo, ndipo madola 200 ndidalibe. Koma pabwalo la bawo nkhani ndidaikamba mwina. Ndidati nditangoona chiganizo choyamba ndidanunkhiza utsi. Kuyambira tsikulo ndidasanduka mlangizi wa za umbava wa pafoni, wosasankhidwa ndi aliyense, wopanda alawansi.

Ndipo ntchito ndidaigwira, musandinyoze. Pamaliro, anthu akangomaliza kudya, ndinkaimirira. Ndinkawauza kuti chibwerere Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, wakuba adasiya kuboola khoma usiku. Amakupeza masana uli pakhonde, iwe mwini n'kumutsegulira. Ndinkawakumbutsa uthenga uja aliyense adaulandirapo, wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta. Ndalama iti? Wakubayo sadziwa. Amangoponya mbedza m'dziwe lonse podziwa kuti pa anthu chikwi pali mmodzi amene m'mawa womwewo walonjeza kutumizira wina ndalama. Ndinkawauza za woimba foni kuti mwana wanu wakomoka kusukulu; za amene amati katundu wochokera kwa m'bale wanu ku Joni wagwidwa pachipata cha Dedza, tumizani ya kasitomu msanga; za amene amati dzina lanu latuluka pa feteleza wotsika mtengo kapena pa Mtukula Pakhomo, perekani kaye ya fomu. Nanga uja amati mwapambana mpikisano? Ndinkafunsa khamu lonse: "Mudalowa liti mpikisanowo?" Amayi ankaomba m'manja.

Ndidafika potchula ndi manambala omwe ngati munthu wa pawailesi. Ndinkati a MACRA adanenapo kuti anthu m'dziko muno amaberedwa ndalama zokwana K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pafoni. Ndinkati mu 2018 tonse tidakafola kulembetsa masimu khadi ndi chiphaso cha unzika kuti wakuba azidziwika, koma akamberembere amalembetsa ndi ziphaso za eni ake, n'chifukwa chake chiphaso sabwereketsa ngati khasu. Chimene chinkawasangalatsa kwambiri anthu ndi chija apolisi akhala akunena, chakuti mafoni ambiri otere amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Taganizani: munthu boma lidamutsekera, koma pa mwezi akukolola kuposa ine amene ndimapsa ndi dzuwa paufulu.

Ndinkamaliza ndi lamulo langa lalikulu, chala m'mwamba: nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale atati ndi bwana wa kukampani ya foni, ngakhale atalankhula Chingerezi cha m'mphuno.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lidali Lachinayi, tsiku lopanda chizindikiro chilichonse. Ndidali m'chigafa pamene foni idalira. Uthenga: mwalandira K85,000. Mtima udagunda kamodzi n'kuima. Ndisadaganize n'komwe kuti ndani angandikonde chonchi, foni idaitana. Mawu a mzimayi, akulira mosisima.

"Bambo, pepani, ndalakwitsa nambala imodzi yokha. Ndalamazo n'za mwana, ali m'chipatala. Chonde bambo, mwa Mulungu, ndibwezereni."

Mwina mukuganiza kuti chifundo ndicho chidandigwetsa. Mwandilemekeza. Ganizo langa loyamba lidali lozimitsa foni n'kuikwirira m'nkhokwe mpaka Lolemba. Lachiwiri lidali lakuti ine ndine mkulu wa mpingo. Maganizo awiriwa adakhala pansi n'kugwirizana: tibweze, koma osati zonse.

"Mayi," ndidatero ndi mawu a munthu woweruza milandu, "masiku ano anthu okhulupirika ndi ochepa. Ndikubwezerani 70,000. Yotsalayo ndi ya phunziro, kuti mawa muzionetsetsa nambala."

Adalira kwambiri. Tidanenerera ngati pamsika wa mbuzi. Iye 80, ine 70, mpaka tidakumana pa 75. Adavomera msanga, n'kundidalitsa ine, ana anga ndi zidzukulu zomwe sizidabadwe. Adangopempha kuti ndifulumire, adokotala akudikira, ndipo ndisadule foni. Ndidatumiza. Nambala yachinsinsi sindidauze munthu, lamulo langa ndidalisunga bwinobwino. Ndidailemba ndekha, ndi chala changa chomwe chija ndinkaimika pamaliro.

M'fonimo mudali kale K80,000 ya mayi a kunyumba, ya kubanki mkhonde, imene adandisungitsa poti ine ndiye wodziwa za mafoni.

Ndidasamba, n'kupita pachiwaya kukadyerera phindu langa la K10,000. Ndidaitanitsa kanyenya, ndidaitana ndi anzanga awiri, ndidauza mwini chiwaya kuti ndikubwera, ndikatape kaye kwa ejenti. Mtsikana wa pa ejentiyo adayesa kawiri.

"Bambo, ndalama zanu sizikukwana. Muli 4,000 ndi makobidi."

Ndidamuuza kuti ndi netiweki. Adapempha kuona uthenga uja, ndipo sadauwerenge n'komwe, adangoyang'ana pamwamba pake. Uthenga weniweni wa ndalama, adatero, umabwera ndi dzina la kampani, umagwera pamodzi ndi mauthenga ena akale a ndalama. Wangawu udachokera pa nambala wamba, yomweyo ya mayi wolira uja. Adachita kuulemba yekha ndi zala, ngati kalata ya chibwenzi. Palibe tambala imene idalowa.

"Mukadangoona kaye balansi, bambo. Kapena mukadawauza kuti aimbire kukampani, ndiwo amabweza ndalama zosokera. Kodi si inu mudatiphunzitsa pamaliro a agogo aja?"

Ndidati mwina adali mkulu wanga, timafanana.

Mtsikanayo adandilangiza kuti ndiimbire kukampani msangamsanga, poti nthawi zina wakuba akakhala kuti sadatape amatha kuzitsekera. Koma ine n'kuti nditatha maola awiri ndikutafuna mbuzi yangongole. Nambala ija idali itazima. Za kupolisi ndidaziganizira usiku wonse, pakuti lamulo lolanga umbava wotere lilipo, la 2016, ndidalitchulapo ndekha kangapo. Chidandigwira mwendo ndi funso limodzi lomwe ndidadziwa kuti wapolisi aliyense wanzeru afunsa: ngati mayiyo adati watumiza 85, bwanji inu mudabweza 75?

Funso lomwelo ndidakumana nalo kunyumba. Mayi a kunyumba adamvetsera nkhani yonse osaphethira, manja ali m'chiuno.

"Ndiye mwati mudamubera zingati, bambo?"

"Teni sauzande."

"Ili kuti?"

Sadakalipe. Bola akadakalipa. Adangopita kukauza amayi a kubanki mkhonde, ndipo amayi khumi ndi asanu akadziwa chinthu, wailesi ya boma imachita manyazi.

Kuchokera pamenepo ndidalumbira kuti sadzandionanso. Aliyense woimba ndi nambala yachilendo adasanduka mkaidi. Ndidamudulira foni mlangizi wa zaulimi. Ndidafunsa abusa dzina la agogo awo aakazi ndisadawayankhe moni. Ndiye Lamulungu lapitali kudabwera nambala ina, mawu a mayi wachikulire, otsika, aulemu.

"Akamwini, ndine apongozi anu. Ndabwereka foni ya mwana wina pano pa Nsaru. Ndalama yandithera, mundithandizeko ya kabaza ndifike kumeneko."

Ndidamwetulira. Ndidadikira kuti anthu a pabawo atchere khutu, kuti aone mlangizi wabwerera pa udindo.

"Iwe mkaidi iwe," ndidakuwa, "wadya kale nyemba zako za lero? Apongozi anga mawu awo sakhala okoma choncho!"

Njira yoona ngati adali iwo idalipo, yapafupi: kuimbira mlamu wanga amene amakhala nawo, n'kufunsa ngati anyamukadi. Ndidaikumbukira madzulo, nditaona gogo akutulukira pa mtengo wa mango, fumbi mpaka m'mawondo, kathumba ka mtedza wathu kali pamutu.

Ankhoswe adakhala pansi Lachiwiri. Mlandu wa mkaidi adati ungakhululukidwe poti dziko laipa. Wa mawu okoma uja ndiwo udadya tambala wanga woyera, ndi thadzi lomwe.

Foni tsopano imakhala kunsonga ya chitenje cha mayi a kunyumba, ndipo ndikafuna kuimba ndimapempha, n'kunena ndi dzina la amene ndikumuimbira. Mwana wa mlongo wanga wandinong'oneza dzulo kuti wamasiye uja walembanso. Akuti chuma chakwera, chafika madola 12 miliyoni, ndipo mwamuna wina wokhulupirika sadamupezebe.