Mwana wa mnzako ndi mthiko wa phala

Pamsonkhano wa makolo kusukulu ya kwathu kuno sabata yatha, wapampando wa komiti anatsegula ndi mwambi uja: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tonse tinawomba m'manja. Atangotulutsa kope lolembamo mayina a ophika phala, mafoni a abambo anayamba kulira nthawi imodzi, ngakhale aja othima batire.

Chikhalirecho dongosolo lake n'lodziwika. Mary's Meals inayamba ndi ana 200 m'dziko muno mu 2002: ufa wa Likuni Phala umabwera ndi bungwe, manja amachokera m'mudzi. Boma nalo linachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, koma za kutunga madzi ndi kukoleza moto silinalonjeze.

Amene amafika tambala woyamba atangolira ndi agogo ena ake, ana awo onse anamaliza sukulu kalekale, wina ali ku Joni. Chitenje m'chiuno, utsi m'maso, mthiko wotalika kuposa iwo eni. Bambo wa ana anayi pasukulu pomwepo amati imeneyo ndi ntchito ya mother group.

Ndiye tiwerengere agogowa phindu lawo, poti mwambi unalonjeza kudya. Mwa ana onse ali pamzerepo, makapu ali lendelende m'khosi (kope amaiwala, kapu ayi), tinene kuti mmodzi akhoza mayeso a Sitandade 8, apita kusekondale, mpaka apeza mpando ku Capital Hill. Agogo, ngati mpweya udzakhalepo, adzakwera basi kukatenga gawo lawo. Pageti adzafunsidwa chitupa. Adzati, "Mukamuuze kuti ndine uja ndinkamuonjezera chipande chachiwiri." Yankho lidzatsika ndi mesenjala: bwana ali mumiting'i, mubwere mawa. Akadzawakumbukira kwenikweni, ndi mayunitsi a K500.

Ine ndiye ndikuona kuti agogowa masamu amenewa sanawachiteko n'komwe. Aphunzitsi a Sitandade 1 amanena okha kuti tsiku lopanda phala ana amawodzera dzuwa lisanakwere, ena sabwera kumene. Agogo amadziwa mwana amene wagona ndi njala pongoona mmene wagwirira kapu, ndipo ameneyo amamutsamiritsira chipande osafunsa kuti ndi wa yani.

Kope lija likadali kwa aphunzitsi aakulu. Lachitatu mulibe dzina. Komiti yagwirizana kuti msonkhano wotsatira mafoni azisiyidwa pakhomo, m'lichero.