Shuga Ndi Zingati? Zitengera Ndinu Mwana wa Yani

Pa Iponga, kufupi ndi malire a Tanzania, funso lakuti "shuga ndi zingati?" siliyankhidwa mothamanga. Mwini golosale amayamba wakuyang'anani kumapazi, kenako amasuzumira pamsewu wa M1 kuti aone ngati mwatsika pa kabaza kapena m'galimoto ya bungwe. Akatero amakufunsani mmene kwachera kunyumba. Pomwe mukumaliza "mwaghona" ndi "ndagha", mtengo wapsa kale m'mutu mwake, ndipo ndi wanuwanu. Amene ali pambuyo panu amva wake.

Kumalo otere ndi kumene kunatulukira mnyamata wina wophunzira za makompyuta ku Mzuzu, laputopu kumsana, ntchito asanaipeze. Anauza malume ake, omwe ali ndi golosale pafupi ndi siteji, kuti nthawi ya kope ndi bolopeni inatha. Awakonzera dashboard, tsamba limodzi la pa foni losonyeza katundu amene watsala, amene akuyenda malonda, mtengo wa chilichonse ndi phindu la tsikulo. Masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amayenda choncho, anatero.

"Chabwino," anayankha malume. "Bola isamadye."

Mkangano unabuka pa bokosi loyamba.

"Malume, apa tilembe mtengo wa shuga. Bokosili limalandira nambala imodzi."

"Imodzi? Ya ndani?"

Malume anayamba kuwerenga zala. Pali mtengo wa mlendo wopita ku Songwe, amene sadzabweranso. Pali wa mnansi, amene abweranso madzulo ano. Pali wa mphunzitsi malipiro atangotuluka, ndi wa mphunzitsi yemweyo mwezi uli pakati. Pali wa amayi a kumpingo, umene umatsika akayamba kutchula dzina la Ambuye. Ndiye pali wa apongozi, umene sutchulidwa n'komwe: mumangokulunga katundu n'kufunsa ngati msana uja ukupezako bwino.

Mnyamata anakumbutsa malume kuti bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC limafuna mitengo izilembedwa poonekera. Malume anavomera kuti lamulolo ndi labwino, ndipo anatulutsa kachikatoni kamene ankalembapo kale. Pamalo a shuga panali pobooka chifukwa chofufuta.

Bokosi lachiwiri linali la phindu. Mnyamata anafotokoza monga anaphunzirira: mtengo wogulitsira, kuchotsapo mtengo woodera, chotsalacho ndi chanu. Malume anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, mtengo umene ndinaodera dzulo ndi mbiri yakale. Ine ndimagulitsa ndi mtengo umene ndikaodere mawa."

Apa wasukulu anali malume. Katundu wambiri wa m'magolosale a kuno, zakumwa za Azam, mafuta ophikira, zitenje ndi mabeseni, amachokera kutsidya, ku Kyela kapena ku Mbeya, kudzera pa Kasumulu. Kumeneko safuna kumva za kwacha, amafuna shilingi. Ndipo shilingiyo mtengo wake weniweni suli pa chikalata cha Reserve Bank ku Lilongwe, uli m'kamwa mwa anyamata osintha ndalama pa boda. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale masiku amenewo anagona akusangalala, dilowa itadzaza ndalama. Atapita kukaoda, anabwerako ndi katundu wodzaza theka la shelefu. Makina a mnyamata akanawaombera m'manja anthu amenewo kuti apanga phindu.

Mnyamata anawonjezera bokosi la reti ya shilingi, nafunsa kuti nambalayo izichokera pa intaneti iti. Malume analoza wakabaza amene anali atagona pa mpando wa njinga yake pansi pa mtengo wa mango. "Uyo. Amapita ku boda mamawa uliwonse. Umugulire chitumbuwa, akuuza." Wakabaza yemweyo ndi amene anawauza malume mu Epulo 2025 kuti Tanzania yaletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dziko mwake, wailesi isanamalize kuimba nyimbo yotsegulira nkhani.

Kenako inabwera nkhani ya miyezo. Dashboard imadziwa paketi, botolo ndi katoni. Golosale ya pa Iponga imadziwa supuni, kachubu ndi kapulasitiki komanga pakamwa. Paketi imodzi ya shuga imabereka timapaketi tingapo, ndipo chiwerengero chake chimatengera dzanja la woyeza ndi nkhope ya wogula. Botolo la mafuta limatha ndi timiyezo, dontho lomaliza n'kukhala basela. Nthawi yokolola ikafika, ena salipira ndalama, amabwera ndi ndowa ya mpunga wa Kilombero wosapuntha. Mnyamata anafunsa kuti ndowayo ndi makilogalamu angati. Malume anati zitengera ngati ndowayo ndi yogulira kapena yogulitsira. Sikelo ilipo ndithu, yoyera bwino, koma imakhala pansi pa kauntala kudikira tsiku limene a Malawi Bureau of Standards adzadutse.

Sabata yoyamba makinawo anayambanitsa anthu. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo kufupi ndi malire foni ikasochera n'kugwira netiweki ya kutsidya, wotchi yake imalumpha. Dashboard inanena kuti mtsikana wogulitsa amatsegula golosale mochedwa ndi ola lathunthu. Mtsikanayo analumbira kuti amafika tambala asanatsike mumtengo. Mlandu unatha pamene foni inabwerera ku Malawi yokha masana, n'kusonyeza kuti mtsikana yemweyo anagulitsa sopo asanatsegule chitseko. Magetsi akathima, zonse zinkathima nawo. Ndipo bokosi la Airtel Money ndi Mpamba linalibe malo olembapo malipiro otchuka kwambiri m'dziko muno, aja akuti "ndatumiza kale, ndi netiweki chabe."

Koma chimene chinagwedeza nyumba ndi kope la ngongole. Pakhoma la golosaleyo pali chikwangwani chonena kuti ngongole ndi mawa, ndipo pansi pa chikwangwanicho ndi pomwe kopelo limakhala, lonenepa kuposa dilowa ya ndalama. Mnyamata analowetsa maina onse m'makina, makinawo n'kuwasanja kuyambira wamkulu. Pamwamba panakhala alamu. Kenako mkulu wina wa mpingo amene amalalikira bwino za Zakeyu. Kenako bambo wina amene chaka chino wasintha njira yopitira kumsika, amazungulira kuseri kwa chigayo.

Pamwamba pa onsewo panali mzere wofiira wautali wopanda dzina, wa katundu amene anatuluka osalipiridwa ndiponso osalembedwa.

"Ameneyu ndi wakuba," anatero malume. "Mupeze."

Mnyamata anamupeza. Wakubayo amamwa chakumwa chozizira chimodzi masana alionse, amapatsa anzake a bawo ndudu, ndipo Loweruka amatenga mafuta odzola onunkhira amene kunyumba sanafikeko. Mayi a pakhomopo, amene poyamba ankati zamakompyuta n'zoononga bandulo, anapempha kuti dashboard iikidwenso pa foni yawo. Malume ananena kuti makinawo akadali ndi zolakwika zambiri.

Madzulo a tsikulo anakhala pansi awiriwiri n'kuyambiranso. Malume analamula kuti mizere yokwera ndi yotsika ija ichoke, chifukwa iwo sali kuchipatala. Zotsala zikhale zitatu: reti ya shilingi lero, katundu amene watsala pang'ono kutha, ndi amene ngongole yake yapitirira muyezo. Zilembo zikhale zazikulu zoti munthu awerenge magalasi atawaiwala kutchalitchi. Mitundu ikhale iwiri, wobiriwira ndi wofiira. Zigwire ntchito ngakhale netiweki itapita ku Kyela. Ndipo mzere wopanda dzina uja ukhale kuseri, kofuna nambala yachinsinsi. Mnyamata anadandaula kuti zaka zonse za kusukulu zathera pa mabokosi atatu. Komatu aka kanali koyamba kuti malume atsegule tsambalo popanda kuitana munthu.

Ntchito yaikulu ya makinawo inatulukira yokha. Kuno munthu sungakanize mbale wako mchere n'kugona tulo. Mawa nkhani ili pachitsime, mkuja ili kwa amfumu. Koma foni ilibe mbale. Wangongole akafika n'kuyamba kufunsa za umoyo wa ana mmodzimmodzi, malume amapukusa mutu mwachisoni, n'kutembenuza foni kuti aone yekha kufiirako.

"Ine ndiye ndikanakupatsani, achimwene. Koma makinawa akana."

Anthu anayamba kubweza ngongole pang'onopang'ono, ena mpaka kufunsa ngati dzina lawo labiriwira. Bambo wa kuseri kwa chigayo anayambanso kudutsa pamsewu.

Alamu okha ndi amene sanatekeseke. Anafika Lachisanu, napereka moni wautali, napempha shuga, sopo ndi mafuta. Malume anatembenuza foni. Alamu anaiyang'anitsitsa, naigwedezera mutu mwaulemu, kenako anafunsa modekha:

"Alamu, pakhomo panu pakadzagwa zovuta, manda adzakumba ndi makinawa?"

Malume anakulunga shuga, sopo ndi mafuta, nawonjezera machesi. Alamu atapita, anaitana mnyamata uja.

"Iwe, uwonjezere bokosi lachinayi."

"Tilembepo chiyani, malume?"

"Inshulansi."