Walira Mvula Walira Matope

Makolo amene anapeka mwambi woti walira mvula walira matope sanakwereko Corolla yanga ya 1994, koma ndikukhulupirira kuti ankanena za ine.

Mu Okutobala, ukamatsika phiri la Thabwa kulowera ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, denga la chiphapha changachi limakuotcha pamutu, paipi ya ekizozi n'kumakuotcha kumapazi, iwe uli pakati ngati chimanga cha pa mbaula. Phokoso ndiye osanena. Chitsulo cha zitseko n'chopyapyala, chimanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, ndipo wokhala m'galimoto amakhala m'mimba mwa ng'omayo.

Ndinalira mvula. Ndinafunsa mtengo wa Dynamat, zomata zija azungu amaika m'magalimoto awo, ndipo nditaumva thupi linazizira lokha ndisanamate kanthu. Ndiye ndinayamba nzeru za ndekha. Ndinagula tepi ya phula yomatira malata odontha, n'kung'ambanso matilesi akale kuti siponji ilowe pansi pa kapeti. Dzuwa litaswa mtengo phula lija linafewa, m'galimoto n'kumanunkha ngati akukonza msewu. Siponji nayo inadikira Disembala, inamwa madzi n'kuwasunga bwinobwino pachitsulo, dzimbiri n'kupeza mudzi.

Makanika wanga wa ku Ndirande anaseka mpaka kugwira bampala. "Madala, simunaoneko woimba ng'oma? Phula amamata pakati pokha, osati chikopa chonse." Anagogoda chitseko ndi chala, pamene pakulira kwambiri n'kumatapo chidutswa cha labala wa butyl, amene sanunkha ngati phula. Pa magawo anayi a chitseko anamata limodzi lokha, kulira kuja kunatha. Kudenga ndi pansi pa kapeti anayala siponji yolimba yosamwa madzi. Malabala a m'mphepete mwa zitseko, amene anali atauma ngati chikopa cha m'gwagwa, anasintha. Tizibowo ta pansi pa chitseko anati tisatsekedwe chifukwa ndi potulukira madzi a mvula, ndipo pafupi ndi ekizozi anakana kuikapo chilichonse chogwira moto. Pamenepa ndinagwirizana naye msanga, popeza ndimafuna kuchepetsa kutentha, osati kukumalizitsa.

Mvula inagwa ndithu. M'galimoto munati zii, thukuta linachepa, ndinayamba kuyendetsa chigongono chili m'kati ngati bwana.

Matope anafika tsiku lachitatu. Kumbuyo kunayamba kung'ung'uza kanthu, kutsogolo kukugogoda kena, ndikaponda buleki kumveka kulira ngati kwa mbewa yogwidwa pa diwa. Ndinathamangira ku Ndirande kukadandaula kuti andiwonongera galimoto. "Ayi madala, beringi ndi mashoko zakhala zikulira zaka zonsezi, kungoti zitseko zimaziposa mawu." Anandilembera mtengo wake, ndipo unaposa wa Dynamat uja.

Koma matope enieni amakhala pampando wakumanzere. Kwa zaka zambiri mayi akunyumba akayamba nkhani ya fizi kapena ya denga la apongozi, ine ndinkangoloza khutu n'kukuwa kuti, "Sindikumva, tikambirana tikafika!" Pofika ankakhala atatopa ndi kutentha, nkhani n'kugona. Lero amayankhula monong'ona ndipo liwu lililonse limafika, ndi manambala omwe.

Dzulo, titangodutsa pa Kameza, ndinatsitsa mawindo onse anayi. Iwo anandiyang'ana, n'kupukusa chogwirira cha windo lawo mpaka linatsekeka.

"Bambo a ana, tinalekezera pa malata 30 aja."