Makiyi a Foni Yanu Ali ndi Yani?

Ku Limbe, pakhonde la sitolo ina moyandikana ndi pokwerera minibasi, pali kathebulo ka mnyamata wokonza mafoni. Lachiwiri masana ndinaima pamenepo kudikira kuti andiikire galasi latsopano. Patsogolo panga panali mayi wina wa geni ya zitenje, atagwira foni ya itel yatsopano ikadali m'katoni mwake.

"Andibera dzulo m'minibasi ya ku Bangwe," anatero mayiyo. "Ndagula iyi. Undibwezere manambala anga, mwanangu. Makasitomala onse anali momwemo, ndi amene ali nane ngongole omwe."

Mnyamata uja anayatsa foniyo n'kufunsa, "Imelo yanu ndi iti, mayi?"

"Ine imelo ndilibe."

"Munali nayo. Pa Play Store simungatsitse WhatsApp popanda akaunti ya Google. Anakutsegulirani ndani?"

"Amene anandigulitsa foni yoyamba ija. Anangodinadina n'kundipatsa."

"Nanga pasiwedi anakuuzani?"

Mayi anangoti chete, maso ali pa katoni. Zinandikhudza, chifukwa anthu otere ndikuwadziwa ambiri, ena ndi abale anga enieni. Munthu wagula foni ndi thukuta lake, wasungamo geni yake yonse zaka zitatu, koma makiyi anatsala ndi wogulitsa amene lero sakumbukira n'komwe nkhope yake.

Pabenchi panali mnyamata wina wa chikwama kumsana, wophunzira ku MUBAS. Iye analowerera nkhaniyo mwaulemu. Anati foni yake inagwera m'madzi mwezi watha, koma sanataye kanthu. "Ndinangolowa mu akaunti yanga pa foni yatsopano, zonse n'kubwera zokha. Manambala anabwera. Mu Chrome ndinapeza masamba onse amene ndinasunga, mapasiwedi anga, ngakhale tsamba limene ndinalisiya lotsegula pa laputopu usiku wake."

Wokonza mafoni anavomereza ndi mutu, manja ali pa ntchito. Anafotokoza kuti munthu akalowa mu Chrome ndi akaunti yake n'kulola kuti zinthu zizilumikizana, zimene wasunga sizikhala m'foni mokha. Zimakasungidwanso kwa Google, ndipo chipangizo chilichonse chimene walowamo ndi akaunti yomweyo chimatunga pachitsime chomwecho. Firefox nayo ili ndi dongosolo lake lotere, koma pa akaunti ya Mozilla. "Foni ndi chidebe chabe, mayi. Ikasweka, madzi ali pachitsime. Koma manambala akhale kuti munkasungira mu akaunti. Ngati munkasungira m'foni momwemo, ndiye apita ndi wakubayo."

Apa bambo wina wachikulire, wa jekete ndi envulopu ya kaki m'khwapa, anapukusa mutu. "Inu ana mukungotamanda. Chinthu chomwecho chinandivula ine." Anati anapita pamalo ena osindikizira mapepala kukatulutsa kalata imene inali mu imelo yake. Analowa pa kompyuta ya pamenepo, ndipo itamufunsa ngati akufuna kulumikiza zinthu zake, anangovomera kuti afulumire. Analipira n'kunyamuka osatulukamo. Patapita masiku awiri, abale anayamba kumuimbira kuti bwanji akupempha ndalama pa Facebook. Mapasiwedi onse amene anasunga m'foni mwake anali atatsikira pa kompyuta ija, ndipo wobwera pambuyo pake anapeza chitseko chili pululu.

"Pepani, bambo," anatero wophunzira uja. "Pa kompyuta ya eni musamavomere zimenezo. Pamwamba kudzanja lamanja mu Chrome pali posankha Guest. Mukalowera pamenepo n'kutseka mukatha, akaunti yanu ndi mapasiwedi anu sizitsala pa kompyutayo. Ndipo mukakumbukira muli kale kunyumba kuti simunatuluke, lowani mu akaunti yanu pa foni, pitani pa zachitetezo, muona mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalowamo. Chachilendocho muchichotse, kenako musinthe pasiwedi."

Bamboyo anatulutsa cholembera n'kulemba kuseri kwa envulopu.

Kwa ine onse awiri ankanena zoona. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti chinthu chofunika chotere chimatifika popanda wotilongosolera. Mawu a pa foni ali m'Chingerezi, wogulitsa ali pa changu, ndipo wogula amachita manyazi kufunsa pagulu. Wogulitsa amene akutsegulira munthu akaunti osamulembera imelo ndi pasiwedi yake akumulakwira, ngakhale atachita mosadziwa. Kumulembera ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Mayi wa zitenje anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye basi, zapita?"

"Musataye mtima," anayankha wokonza uja. "Pitani ndi chiphaso chanu cha unzika mukabwezeretse nambala yanu yakale pa simu khadi yatsopano. Ngati wogulitsa uja anaiika nambalayo potsegula akaunti, Google itithandiza kupeza dzina la imelo, itumiza kodi pa meseji, ndipo mupanga pasiwedi ina. Mupange nokha, ine ndiyang'ana kumbali. Mukailembe m'kope lanu la ngongole lomwe limakhala kunyumba, osati papepala la m'thumba la foni."

"Nanga ngati anaika nambala yake?"

"Pamenepo pavuta, mayi. Koma tiyeni tiyambe tayesa."

Mayi anamanga katoni ija m'chitenje n'kulowera kumtunda, kumene kuli maofesi a makampani a mafoni. Galasi langa linali litatha, ndipo ndinalipira n'kuchoka asanabwere.

Inu amene mukuwerenga, makolo anu kumudzi ali ndi foni imene munawagulira kapena kuwatsegulira. Aimbireni lero, muwauze imelo yawo ndi pasiwedi yake, ailembe pabwino, ndipo muonetsetse kuti nambala imene ili pa akauntiyo ndi yawo.