Waya amene ndinaika m'malo mwa fyuzi

Amene anandiuza ndi mnyamata wa kabaza. Anali madzulo, mvula ikuwaza, ndipo nditaponda buleki pa raundabauti ya Chichiri anatsala pang'ono kundiomba kumbuyo. Anafika pawindo akunjenjemera. "Bwana, magetsi a mabuleki sakuyaka. Mukanatipha." Kumbuyo kwake kunali mayi wobereka khanda.

Mwezi unali pakati, m'thumba muli mbee, choncho ndinati ndikonza ndekha. Loweruka ndinakagula mababu awiri ku Limbe, n'kubwerera kwathu ku Chilobwe kukamasula magetsi a Toyota Vitz yanga yakale. Mwana wanga wamkazi anakhala pampando wa dalaivala n'kumaponda buleki, ine ndili kumbuyo. Zii, osayaka. Mababu akale aja analibe vuto. Magetsi onse atatu akazima pamodzi, kawirikawiri vuto limakhala pa fyuzi kapena pa kaswitchi ka pamwamba pa chopondera buleki.

Ndinagwada n'kusuzumira m'kabokosi ka mafyuzi. Fyuzi yofiira ya 10A, pamalo olembedwa STOP, inali itapsa. Ndinaika yatsopano, magetsi n'kuyaka. Nditatseka chitseko cha buti, mwana n'kupondanso, inapsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinalakwa. Galimoto inali itandiuza kawiri konse kuti vuto lili pachitsekopo, koma mtima wanga unali pa kutsiriza ntchito dzuwa lisanalowe. Ndinadula kawaya ka kopa, n'kukapinda, n'kukalowetsa pamalo a fyuzi.

Lolemba m'mawa ndikuperekeza mwanayo kusukulu, tinalowa pamdipiti wa magalimoto pa Ginnery Corner, phazi langa losachoka pa buleki. Ndi iye anayamba kumva. "Adadi, kukununkha pulasitiki." Nditayang'ana pagalasi, utsi unali ukufuka kumbuyo kwa mpando wake. Ndinaima pambali pa msewu wa Masauko Chipembere, n'kumukokera kunja, bambo wina wodutsa n'kundithandiza kuchotsa waya wa batire. Mwana sanalire. Anangondigwira malaya, maso ali pa galimoto.

Makaniko wachikulire wa ku Ndirande sanachedwe kupeza vuto. Waya wopita ku getsi lachitatu, lija la pamwamba, amadutsa m'kapaipi ka labala pamene chitseko cha buti chimapindikira. Kutsegula ndi kutseka kwa zaka zambiri kunasenda wayayo, ndipo chitseko chikatsekedwa amakhudza chitsulo. Mkuluyo anazula kawaya kanga n'kundiika m'manja.

"Achimwene, fyuzi ndi mlonda. Imalolera kupsa kuti galimoto isapse. Ikapsa kawiri, musaike yachitatu, funani chimene chikuipsereza."

Mawaya osungunuka aja anandidyera ndalama zoposa zimene ndinkapewa, koma si ndalamazo zimene zimandisowetsa tulo. Mnyamata wa kabaza anandichenjeza kuti ndisaphe mwana wa eni, ndipo ine pokonza mwaphuma ndinaika wanga yemwe pafupi ndi moto.

Babu ndimasinthabe ndekha, fyuzinso, bola ya nambala yomweyo. Zikapitirira apo ndimakafunsa odziwa. Lamulungu lililonse madzulo mwana wanga amakhala pampando uja n'kuponda buleki, ine n'kuwerenga kumbuyo: kumanzere, kumanja, pamwamba. Kawaya kaja ndinakasunga pamodzi ndi mapepala a galimoto.