Zomwe zikukambidwa m'misika ya Liwonde ndi Balaka

Pa Liwonde akuti a zaumoyo sanayambe afikapo pamsika modzidzimutsa. Asanatsike n'komwe panjinga yamoto, akabaza amakhala atawanditsa kale uthenga kuyambira pabaraji mpaka kudepoti. Ndiye mudzaone changu chake! Epuloni yavalidwa, mandasi avindikiridwa, chidebe cha mpopi chaikidwa poonekera, sopo watuluka m'thumba. Alendo aja akangokhota, sopo wabwerera kwawo, poti sopo ndi ndalama.

Anyamata a chiwaya ali ndi yankho pa chilichonse. Mukawafunsa za mafuta akuda bii aja, amaseka: "Achimwene, mafuta sakalamba, amangokhwima." Za chiphaso cha kuchipatala, chomwe wogulitsa zakudya amayenera kukhala nacho, akuti chilipo ndithu, kungoti chili kunyumba.

Ku Balaka mkangano uli pa nyama ya mbuzi. Woona za ziweto amayenera kuiyeza n'kuidinda isanapachikidwe, koma poti kuno Asilamu ndi ambiri, funso loyamba la wogula limakhala lakuti, "Wazinga ndani?" Za chidindo amafunsa pambuyo, akakumbuka. Ena akuti funso la kuzingali ndi lomwe limathamangitsa nyama ya chiweto chofa chokha kuposa chidindo, ndipo ine sindikuwatsutsa kwenikweni, ngakhale mpeni suona matenda a m'chiwindi. Akuluakulu amakumbutsa za 2018, pomwe mvuu zambiri zinafa ndi anthrax kumalo osungira nyama zakuthengo a Liwonde, boma n'kuchenjeza kuti wina asayerekeze kudya nyamayo. Mpaka lero kanyenya akakhala wotchipa mokayikitsa pamakhala wina wofunsa ngati mbuziyo sinkagona mu Shire.

Eni magolosale ku Ulongwe ndi ku Ntaja amaopa kwambiri a Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe lilipo kuyambira 1972, chifukwa iwo amayesa sikelo ndi kutembenuza paketi kuona tsiku lomwe katundu akutha mphamvu. Chodabwitsa n'chakuti dzuwa la kuno limafufuta tsiku lokhalo, dzina la bisiketi n'kumaoneka bwinobwino.

Pamene kuseka kumachepa ndi pa kolera. Mliri uja unayambira ku Machinga konkuno mu Malichi 2022, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Makhonsolo ambiri analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, amayi a zitumbuwa n'kumagulitsira kuseri kwa nyumba. Ambiri sanaiwale. Mayi wina wogulitsa thobwa panjira ya ku Phalula akuti amalumbira kuti madzi ake amathiramo kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo, ndipo wakweza mtengo pachifukwa chomwecho. Makasitomala ake agawikana: ena akuti thobwalo likununkha chipatala, ena akuti sakumva fungo lililonse, choncho awabwezere ndalama ya kolorini.