Moto wa Mateyala Awiri

Agogo athu amene anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzakumba pansi kuno ku Bindura anabwera ndi mwambi wawo: moto umapita kumene kwatsala tchire. Iwo ankanena za tsoka. Koma chiimire ntchito pa mgodi wa Trojan mu 2023, mwambiwu wasanduka mapu a ulendo.

Taimani pamsewu m'mamawa muone. Anyamata atatu panjinga yamoto imodzi, fosholo kumsana, onse akulowera kutchire kukasaka golide. Ndiye mumve kuti ku France, ku Spain ndi ku Italy njinga imeneyi amangoitchula kuti moto, zilembo zinayi zomwezo. Basi, makolo analosera!

Komatu moto wa Azunguwo sunayakire pamafuwa. Anachita kudula mawu aatali onga motocicletta, ndipo muzu wake ndi wa Chilatini, movere, kusuntha. Kumenekonso mawu amakhala aamuna kapena aakazi. Ku Spain amati la moto, wamkazi, chonsecho mawu othera ndi o kwawoko ambiri ndi aamuna. Njinga zikachuluka amati motos. Afalansa nawo s ameneyo amamulemba koma samutchula, ngati dzina la apongozi. Ataliyana ndiye anawonjeza: la moto ndi njinga, il moto ndi kuyenda, ndipo njingazo zikhale khumi, liwulo silisintha. Moto wathuwu, womwenso ndi wa Ashona ndi Aswahili, sulabadira zachimuna kapena zachikazi. Umawotcha aliyense.

Ine ndimati tinawaposa. Titaona chinthu chikulira uku chikutulutsa utsi, tinangoti njinga yamoto, osafunsa Mtaliyana.

Chosaseketsa n'chakuti mgodi wina wa kuno, wa Freda Rebecca, sungalembe ntchito anthu onse. Zidzukulu za anthu amene ankatsika pansi ndi chipewa cholimba ndi nyali pamphumi lero zikulowa m'maenje opanda mizati, ndipo dzina lawo ndi makorokoza. Mbiri ikangomveka kuti kwakutikwakuti kwatuluka golide, mawa lake moto wafika, wakumba, wadya, wapita kwina. Mwini munda amatsala akuwerenga mbuzi zake madzulo alionse kuopa maenjewo, pomwe wogulitsa petulo wa m'zigubu pamphambano wamva kale kumene kwatsala tchire lina, ndipo wakweza mtengo.